Mbala Yoba Maso a Makoswe

Ndikuponyereni ndagi, inu ophunziranu. Ndi mbala yanji yosathyola chitseko, yosafuna kiyi, yobwera dziko lonse likuiona, ndipo ikalowa m'nyumba imasiya mbale, imasiya zovala, n'kuba maso okha? Musathamange. Sajeni wa polisi wa mizere itatu anagona nayo ndagi imeneyi. Dokotala wachizungu sanayese n'komwe. Ine Lettie NyaKondowe, wolekezera Sitandade 2, ndinayamba kuimasula ndi lichero.

Chinali chaka cha 1987, mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Karonga ngakhale buluzi amapempha mthunzi. Ndinkagwira ntchito pa nyumba ina ya zofufuza, kumtunda pang'ono kwa Uliwa. Dzina lake linali lalitali, la Chingerezi, koma anthu ankangoti ku Makoswe. Tinali nawo makumi anayi, oyera mbee, maso ofiira ngati zidakwa. Anabwera pa ndege. Ine wosakwerapo ndege ndinali wowapatsa chakudya ndi kuwatayira manyi.

Mwini ntchito anali Dokotala Gordon, mzungu wamtali wolankhula Chichewa chopunduka mwendo umodzi. Ankayesa mankhwala atsopano a malungo. Iye ankati kuseri kwa diso, m'kati mwenimweni, kuli kansalu kopyapyala kamene kamagwira kuwala. Kansaluko kakafa, diso limaoneka bwinobwino kunja koma mwini wake ali mu mdima. Ndiye asanawapatse anthu mankhwalawo, ankafuna aone ngati sadya kansaluko. Makoswe makumi awiri ankamwa mankhwala, ndipo michira yawo tinaipaka utoto wofiira. Makumi awiri enawo ankamwa madzi chabe, michira ya buluu. Onse tinawasakaniza pa mashelefu anayi, khumi pa shelefu iliyonse, m'chipinda cha mdima chokhala ndi kagetsi kamodzi kofooka, chifukwa khoswe woyera sagwirizana ndi kuwala.

Wothandiza dokotala anali Towera, mwana wa mchimwene wanga malemu, amene ndinamulera ndekha. Tsiku lopima, Towera ankadonthezera khoswe mankhwala m'maso kuti kamwanadiso kakule, n'kumukulunga m'kansalu mchira wobisika, n'kupita naye kwa dokotala m'chipinda china. Dokotala ankaunika m'diso ndi katochi ka galasi osadziwa kuti uyu ndi wofiira kapena wa buluu. Ankadzibisira dala, ati kuti mtima usakondere. Mwaona nzeru za sukulu? Munthu kudzitseka maso kuti aone khungu la khoswe.

Lachiwiri lina dokotala atamaliza kupima onse, anatsegula buku n'kuwerengera. Makoswe khumi anali akhungu. Awiri anawapha n'kudula maso awo tizidutswa topyapyala, ndipo anandiitana kuti ndisuzumire mu makina okuzira zinthu aja. Diso la khoswe wabwino linali ngati chimanga chokhwima, mizere khumi ndi iwiri yothinana. La wakhungu linali chitsononkho, mizere iwiri yogweruka.

“Mankhwala oipa, bwana?” ndinafunsa.

“Ayi, Amayi Lettie. Asanu ofiira. Asanu buluu. Madzi sapha maso.” Anapukuta magalasi ake. “Munthu wachita chinthu.”

Mawu amenewo anawalankhula pamaso pa Bambo Hudson Kamwendo. Kulakwa kwake kunali komweko.

Bambo Hudson anali wosunga katundu, munthu wa m'chigawo chapakati, wamimba yotsogola. Pamsana pa ng'ona, ati, anakwerapo. Nyalugwe anamupha ndi chibakera ku Dowa. Chingerezi chake ati azungu ankachita kumupempha kuti achepetseko. Kuyambira mwezi wa Ogasiti ankavala suti yakuda bii, yolemera, baji ya Chipani ili ng'ani ng'ani pachifuwa, ndipo ankauza aliyense kuti inachokera ku London. Thukuta linkayenderera m'khosi ngati mtsinje wa Wovwe, koma jekete osavula.

Lachinayi m'mawa kunafika Sajeni Elliot Chimbalanga pa njinga, kalata ili m'thumba.

*

Anatisonkhanitsa pakhonde. Sajeni anali Mlomwe wa ku Mulanje, wochepa thupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mazira.

“Kiyi wa chipinda cha makoswe amasunga ndani?”

“Ine ndi adokotala,” anatero Towera.

“Amadonthezera mankhwala m'maso ndani?”

“Ine, bwana. Koma ndi mankhwala okuza kamwanadiso basi, satha...”

“Muli ndi mlongo wanu wotchedwa Yotamu?”

Yotamu anawoloka mtsinje wa Songwe kuthawira kunja kwa dziko zaka zitatu zapitazo, atalankhula mawu ena pamowa, ndipo dzina lake sitinkalitchula ngakhale kudambo.

Bambo Hudson anakonza baji yake. “Asajeni, ine sindibisa mawu, kalatayo ndinalemba ndine. Ntchito ino ndi ya Boma. Mankhwala awa ndi othandiza mtundu wa Amalawi. Munthu wokhala ndi abale oukira kutsidyako, n'kumagwira maso a makoswe a Boma, mukuganiza atani? Ine zinthu zotere ndimazinunkhiza patali. Mphuno iyi inagwirapo zigawenga zitatu ku Mchinji.”

“Ayi, ayi, Towera wabwino,” anatero dokotala. “Ine sindinanene Towera.”

“Adokotala, inu ndi mlendo,” anayankha Sajeni osamuyang'ana. “Mlendo wolankhulira woukira amapatsidwa tsiku limodzi lolongedza. Khalani chete, muthandize ntchito yanu.”

Analanda makiyi onse awiri. Towera anamutsekera m'kaofesi ka dokotala. Anati mawa masana, dzuwa likafika pamutu, ibwera Landirova kuchokera ku boma, ya anthu aja osavala yunifolomu. Inu a masiku ano simudziwa. Galimoto imeneyo inali ndi chitseko cholowera chokha.

Ndinaima pazenera la kaofesiko. Towera anagwira zitsulo, milomo itauma.

“Ankhazi, nindachite kanthu,” ananong'ona m'chinenero chathu, kulumbira kuti sanalakwe.

“Ndikudziwa, mwana wanga. Pukuta maso. Makoswe akundidikira.”

*

“Bwana Sajeni,” ndinati, “amene mwamumanga mwamumanga. Nanga makoswe a Boma akafa ndi njala kiyi ali m'thumba mwanu, Landirova idzanyamula angati?”

Sajeni anapisa dzanja m'thumba. Kenako anatulutsa kiyi.

M'chipindamo munali fungo lathu la masiku onse, utuchi ndi mkodzo. Sajeni anaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango. Ine ndinali ndi lichero langa logawira chakudya.

Tsono dokotala ankawadziwa makoswe ndi manambala. Ine manambala amandizunguza, ndiye ndinawapatsa mayina. Panali Mlamu, wakuba chakudya cha anzake. Panali Mai Busa, wosamba kumaso kosalekeza. Panali Kondakitala, wokonda kulendewera pa waya. Ndipo masabata angapo ndinali nditaona kuti Kondakitala saonanso dzanja langa likamabwera, amangodzidzimuka ndikamukhudza. Ndinkayesa ukalamba.

Ndinatsitsa khola limodzi la pansi, n'kuliika patebulo pansi pa kagetsi.

“Bwana, munafuyapo nkhuku?”

“Mayi, gawani chakudya tizipita.”

“Kabawi akadutsa kumwamba, anapiye amatani? Taonani.”

Ndinadutsitsa lichero pansi pa getsi, mwakachetechete. Mthunzi unagwera m'khola. Mai Busa anathawira pakona n'kuuma gwa! Khoswe wobadwira m'bokosi ku Ulaya, wosaonapo kabawi chibadwire, koma mantha ali m'magazi.

Ndinatsitsa khola la pamwamba. Lichero linadutsa. Kondakitala anapitiriza kutafuna ngati palibe chachitika. Ndinadutsitsa kachiwiri, kachitatu. Ziii.

Sajeni anachotsa mpango pamphuno. “Chitaninso ndi linalo.”

Tinatsitsa makola onse, limodzilimodzi. Shelefu ya pansi, onse anathawa. Yachiwiri, anathawa. Yachitatu, anathawa, kupatula mmodzi wozengereza. Ya pamwamba munatsala asanu ndi atatu, poti awiri dokotala anali atawadula, ndipo onse asanu ndi atatuwo anangotafuna. Ofiira ndi a buluu omwe.

“Bwana, ine ndine mbuli, mundithandize. Towera ndi wamfupi ngati ine. Kuti afike pamwambapo amachita kukwera pa mpando. Munthu wofuna kuthira poizoni mobisa angasiye makoswe makumi atatu ali pafupi ndi dzanja, n'kumakwera mpando tsiku ndi tsiku?”

Anayang'ana shelefu ya pamwamba, n'kutembenuka kuyang'ana khoma loyang'anana nayo. Kumeneko, pansi penipeni pa denga, kunali zenera limodzi lalitali chopingasa, lotsekedwa ndi nsalu yakuda. Linali molingana ndendende ndi shelefu ya pamwamba.

“Zenera ilo limatsegulidwa?”

“Chiyambire ayi. Nsaluyo ndi yochindikala ngati chikopa cha mvuu. Ndinaichapapo kamodzi, inatenga masiku awiri kuti iume.”

“Ndiye palibe nkhani,” anatero, n'kutseka chitseko. “Shelefu si umboni, mayi. Ine ndili ndi kalata.”

*

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinakapeza Zebedee mlonda akunola chikwanje kuseri kwa thanki ya madzi. Mnkhonde wa ku Iponga ameneyu, wokalamba kuposa ine, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili ngati mpunga wa miyala.

“Mwaghona, dada Lettie. Pole sana za mwana,” anandilonjera, ndiye kuti moni mlongo, pepani kwambiri.

“Pole sadzaimitsa galimoto, a Zebedee. Inu mumazungulira nyumba ino. Kuseri kwa makoswe kuja mwaonako chachilendo?”

“Ine sindiona kitu. Mlonda wabwino amaona wakuba wakunja basi. Wam'kati ndi bwana.”

“Ndiye wam'kati alipo?”

Ananola chikwanje kanthawi. Anayang'ana kumanja, kumanzere.

“Malemba anathawa,” anatero.

“Malemba ati?”

“Pa nsalu ya zenera. Mzungu analemba ndi penti yoyera, malemba akuluakulu, oyang'ana kunja, kuti olima asatsegule magalasi. Ine kuwerenga sindidziwa, koma ndinkawapatsa moni m'mawa uliwonse. Mwezi wa eyiti, Sande ina anthu ali kutchalitchi, ndinaona makwerero akulowa m'nyumba. Lolemba malemba kulibe. Nsalu ipo, malemba hakuna.”

“Makwerero amayenda okha?”

“Anali ndi miyendo. Miyendo inali ndi mimba.” Anabweza chikwanje pamwala. “Ine sindinanene kitu, dada. Ndili ndi adzukulu seveni.”

Ndinapita kuseriko ndekha. N'kutchire, udzu wofika m'chiuno, kosapita munthu. Ndinayang'ana m'mwamba. Malembawo ndinkawadziwa, poti ndinawachapa ndi manja angawa. Panalibe. Ndinatembenuka kuti ndione kumene zeneralo limayang'ana, ndipo ndinaona nyanja, ndi mapiri a kutsidya kumene kumatulukira dzuwa.

Ife ntchito tinkayamba hafu pasiti seveni, dzuwa litakwera kale pamwamba pa denga. Chiyambire panalibe amene analowapo m'chipindamo mbandakucha.

*

Sajeni anagona pa benchi pakhonde, kulondera wam'ndende wake. Tambala wachitatu atalira, kunja kutayamba kuyera, ndinamugwedeza phazi.

“Dzukani, bwana, mudzaone mbala ikulowa.”

Anatukwana m'Chilomwe, koma anadzuka. Tinalowa, n'kutseka chitseko, getsi osayatsa. Mdima wa bii. Tinaima. Ndinkamva makoswe akupalasa utuchi. Ndikanakhala kuti ndalakwa, ndinalibenso china.

Nsalu ija inayamba kufiira. Kenako inasanduka ngati sefa. Dzuwa litangotuluka pamwamba pa mapiri, kuwala kunabowola nsaluyo, kudutsa pamwamba pa mitu yathu ngati mpeni, n'kukagwera pa shelefu ya pamwamba, kuyambira khola loyamba mpaka lomaliza. Waya ankachita kunyezimira. Kondakitala anakhala tsonga pakati pa motowo, maso ofiira ali tong'o, osaphethira. Mashelefu apansi anali mu mdima.

“Mayo ine,” anatero Sajeni chapansipansi.

Anakwera pa tebulo, n'kugwira nsaluyo ndi zala ziwiri. Inali kansalu kopepuka, kamene amayi amasokera zapamaliro, konyikidwa mu utoto.

Dokotala titamuitana, anangoona kuwalako n'kugwira mutu. “Miyezi iwiri! M'mawa uliwonse! Khoswe woyera alibe mthunzi m'diso, dzuwa limawotcha kansalu. Ine wopusa, ine wopusa kwambiri. Buku langa lili ndi nambala, lili ndi mchira, lilibe shelefu.”

Ndagi ija mwaimva tsopano. Mbala ndi dzuwa. Koma dzuwa silimangidwa unyolo. Funso linatsala: analitsegulira ndani?

Bambo Hudson anafika nthawi yake, suti ili thi. Sajeni anamufunsa pakhonde, ine ndikusesa pafupi, tsache likuyenda pamalo amodzimodzi.

“Makwerero amakhala kuti?”

“Mosungira katundu mwanga. Aliyense amabwereka.”

“Kiyi wapadera wa chipinda cha makoswe?”

“Anatayika kalekale. Ndipo ine, Asajeni, m'chipinda chimenecho sindinapondemo chiyambire. Ine munthu wa udindo ndikalowe mwa makoswe? Sande iliyonse ndimakhala kutsogolo m'tchalitchi, funsani aliyense, ndine ndimayambitsa nyimbo.” Anapukuta khosi. “Ngati nsalu yasinthidwa, ndiye mwapeza njira imene mtsikanayo anawonongera ntchito ya Boma. Wa kiyi ndi iyeyo. Mwaona? Mphuno yanga sinama.”

Sajeni anabwera kwa ine nkhope itagwa. “Mayi, mwandionetsa mmene zinachitikira. Simunandionetse munthu. Mlonda wakana kuti sanakuuzeni kanthu. Anthu akubwerawo safunsa za mashelefu. Nsalu yeniyeni ikanapezeka, bwenzi ndili ndi chowauza.”

Ndinayang'ana Bambo Hudson akulowa mosungira katundu. Msana wa jekete lake unali wouma gwa, wosapindika, ngati chikopa cha mvuu. Ndinaponya tsache pansi.

*

Ku Uliwa ndinafika ndikuwefuka, dzuwa litayamba kuluma. Pakhonde la sitolo ina pankakhala telala mmodzi yekha wodziwa kusoka jekete, dzina lake Ambokile. Munthu wa mapini m'kamwa, woyankha funso ndi funso.

“A Ambokile, ndikufuna suti ya ku London.”

“London ndi kuti, mama? Basi yake imaima pano?”

“Yakuda. Yolemera. Ya munthu wamimba.”

Makina analeka kulira. Anachotsa mapini m'kamwa imodziimodzi.

“Ine ndimasoka chimene munthu wabweretsa. Ndifunse nsalu kuti kwanu n'kuti?”

“Singano zinathyoka zingati?”

“Folo!” Zinamupulumuka. Analuma mlomo. “Mama, mukufuna ndikagone kuti? Munthuyo ali ndi baji. Akangonena kuti Ambokile alibe khadi la Chipani, makina awa ndidzawaonanso?”

“Mwana wanga akumunyamula masana ano. Sindikufuna mukaime pamaso pa polisi. Ndiuzeni chimodzi chokha. Nsaluyo inali ndi malemba oyera. Munawataya kuti?”

Anayang'ana kumsewu. Anayamba kupalasa makina opanda nsalu, kuti phokoso libise mawu.

“Kutaya? Nsalu yake inali yokwana munthu mmodzi, mwini wake ndi anthu awiri. Ndikanataya chiyani? Ndinatembenuzira m'kati, kumsana. Ndinati bwana, dikirani layiningi ibwere kuchokera ku Mzuzu ndiphimbe. Iye ati ayi, Loweruka kuli msonkhano, ndikufuna anthu andione. Mpaka lero sanabwere nayo.” Analavula kaulusi. “Kodi munamuonapo atavula jekete, kutentha konseku?”

Ndinabwerera chothamanga, nkhalamba ine, chitenje m'manja.

M'njira monse mutu unkazungulira. Kuvula munthu jekete n'kosavuta. Koma pa jeketelo panali baji ya nkhope ya mwini dziko. Kuligwira mwamphamvu, kulikoka, baji n'kugwa pansi, ndiye kuti m'Landirova tikwera awiri. Ngakhale Sajeni sakanayerekeza popanda umboni, ndipo umboni wake unali m'kati mwa jekete momwemo. Panafunika kuti mwini wake alivule yekha, ndi manja ake, anthu akuona.

Nditafika, ndinauza Sajeni kuti makoswe sanamwe madzi. Anandipatsa kiyi osayang'ana n'komwe.

*

Landirova inafika dzuwa lili pamutu. Munatsika amuna awiri a malaya oyera ndi magalasi akuda. Sanapereke moni. Anthu olima, amayi otunga madzi pa thanki, Zebedee, onse anaima patali. Sajeni anatsegula kaofesi, Towera n'kutuluka atanyamula kampango kake. Dokotala anayamba kufotokoza za dzuwa ndi shelefu, koma wamkulu wa awiriwo anangokweza dzanja, mzungu n'kukhala chete.

Bambo Hudson ndiye anali pakati pa bwalo ngati mwini ukwati.

“Mabwana, mwafika bwino. Ndine ndinalemba kalata ija. Ine maso anga ndi akuthwa, palibe chimene chimandidutsa. Ku Dowa nyalugwe anandiyang'ana m'maso, n'kuphethira ndi iyeyo. Mantha ine sindiwadziwa.”

Ndinabwera chokwawa ndi maondo, monga mayi wopempha chifundo, manja onse awiri m'kati mwa chitenje. Ndinkalira mokweza, ndipo misozi ina inali yeniyeni.

“Bambo Hudson, bwana wanga, mukhululukireni mwanayu! Inu ndi munthu wamkulu, mawu anu amamveka!”

“Choka apa, mayi iwe. Ukundidetsera suti.”

Ndinadzuka ngati ndikufuna kumugwira phewa pomudandaulira. Dzanja langa linafika pakolala, kumbuyo kwa khosi. Ndinatsegula zala.

Kondakitala, ndinakuuzani, anali wokonda kulendewera. Ndipo khoswe wakhungu akapeza malo amdima, ofunda, amalowa osafunsa mwini nyumba.

Bambo Hudson anauma. Maso anatuluka. Kenako kunamveka mawu amene sindinawamvepo kwa mwamuna wandevu, mawu a mwana wa mbuzi.

“Mayooo! Njoka! Njoka! Ndafa ine, amayi!”

Anavina. Anadzimenya kumsana, anazungulira kawiri, mabatani anathothoka n'kuuluka. Anasolola dzanja limodzi, linalo linakanirira, anakoka, jekete linatembenuka lonse kunja kukhala m'kati, ndipo analiponya kutali. Linakagwa pa boneti ya Landirova, n'kuyalika bwinobwino ngati alichapa.

Kondakitala anatsikira m'mwendo wa thalauza, n'kuima pa nsapato, akununkhiza mphepo. Ndinamutola.

Pa boneti, pa nsalu yakuda, panali malemba oyera aakulu ngati dzanja langa.

“Bwana Sajeni,” ndinati, “ine sukulu ndinalekeza panjira. Kapena Bambo Hudson atiwerengere, poti ndi Chingerezi cha ku London.”

Wamkulu wa magalasi akuda uja anavula magalasi ake, anawerama pa boneti, n'kuwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi:

“MUNO MULI MAKOSWE. OSATSEGULA.”

“Dzanja langa!” anafuula dokotala. “Penti yanga! Nsalu ya zenera!”

Woyamba kuphulika anali Zebedee. Anagwetsa chikwanje n'kukhala pansi. Amayi a pa thanki anatsatira, wina mpaka ndowa inagubuduka. Sajeni anayesa kubisa nkhope mu mpango koma mapewa ankamugwedezeka. Ngakhale wamng'ono wa magalasi akuda uja anatembenukira kumbali, akutsokomola chonamizira.

“Ndi... ndi dzina la kampani,” anatero Bambo Hudson. “Ku London amalemba choncho.”

Apo ndiye anthu anagwa nako kuseka.

Wamkulu uja yekha sanaseke. Ananyamula jekete ndi zala ziwiri, n'kulitembenuza. Baji inali itapindika, yodzaza fumbi la pa boneti. Anaipukuta ndi mpango wake pang'onopang'ono, n'kuiika m'thumba.

“Sajeni, kalata ija inati wowononga ntchito ya Boma ali pano.”

“Ali pano, bwana,” anatero Sajeni Chimbalanga. Anapisa dzanja m'thumba la jeketelo n'kutulutsa kiyi wamng'ono, uja anatayika kalekale. “Koma si mtsikanayu.”

Towera anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kugwira mwendo wanga. Sanalire. Ankangopuma ngati munthu wotuluka m'madzi.

Pamene ankamukweza kumbuyo kwa galimoto, Bambo Hudson anali atagwira thalauza ndi manja awiri, poti Sajeni anali atanena kuti nalonso ndi katundu wa Boma, akalivula ku boma. Malaya ake am'kati anali obooka pamsana, mabowo atatu. Ndinayandikira, Kondakitala ali m'manja.

“Bambo Hudson, musaiwale kukawauza kumeneko za nyalugwe wa ku Dowa. Koma uyu musamutchule. Ndi wakhungu, sanakuoneni.”